Funsani Aphunzitsi: liwu loti "flat", kuyambira ku Kabwata mpaka ku Kafue

Makalata angapo a mwezi uno akumana pa liwu limodzi la Chingerezi, lija ife kuno ku Lusaka timalitchula kuti fulati. Ndawaika pamodzi, ndipo ena ndawadula pang'ono kuti malo akwane. Amene munafunsa za kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, pirirani, ndidzakuyankhani mwezi wamawa.

FUNSO: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito mu shopu ya zipangizo zomangira ku Kamwala ndipo ndikukwatira mu Okutobala. Ndinaona pa Facebook kuti ku Chalala kuli "two bedroomed flat", ndipo ndinalipira ejenti ndalama yokaonera. Nditafika ndinapeza nyumba yapansi, zitseko zinayi zondandana mumpanda umodzi, popanda ndi sitepe yomwe. Ine ndimadziwa kuti fulati ndi zosanja zija za ku Kabwata. Kodi anandipusitsa?
Mkwati woyembekezera, Kamwala

YANKHO: Achimwene, ndiyambe ndi kukufunirani banja labwino. Pa liwu lokhalo ejentiyo sanakunamizeni, komanso inu simunaganize molakwa. Liwuli lili ndi tanthauzo la m'buku ndi tanthauzo la mu Lusaka, ndipo awiriwa anapatukana kalekale.

Ku Britain munthu akati amakhala mu "flat", ndiye kuti zipinda zake zonse, chogona, chochezera, khitchini ndi bafa, zili pa nsanjika imodzi ya chinyumba chimene mulinso mabanja ena, ena pamwamba pake, ena pansi pake. Ndi zimene mumaona ku Kabwata, ku Northmead ndi ku Rhodes Park. Anthu a ku America nyumba yomweyo amaitcha "apartment", liwu limene Chingerezi chinatenga ku Chifalansa. Eni nyumba zodula za ku Kabulonga amakonda limeneli, koma chinthu chake n'chimodzimodzi.

Kuno kwathu liwuli linatambasuka. Munthu akagula puloti ku Chalala, ku Salama Park kapena ku Meanwood, amamanga nyumba zitatu kapena zinayi zogundana makoma, zonse zapansi, geti limodzi, thanki ya madzi imodzi, n'kuzitcha mafulati. Chimene chimazisiyanitsa ndi mdadada wa ku Chawama kapena ku Mtendere si kutalika ayi. N'chakuti chimbudzi, bafa ndi khitchini zili mkati mwanu, ndipo m'mawa simuima pamzere ndi ndowa m'manja kudikira kuti mnzanu atuluke m'bafa. Aliyense wofuna nyumba ya lendi mumzinda muno amamva motero.

Ndipo ine ndimaona kuti a ku Chalala sanasochere kwenikweni. Fulati wa nyumbayu anachokera ku liwu la Chingerezi chakale loti "flet", limene linkatanthauza pansi pa nyumba, popondapo paja, ndiponso nyumba yeniyeniyo. Ku England liwuli linazimirira, koma ku Scotland linakhalabe. Mumzinda wakale wa Edinburgh malo anali ochepa chifukwa unali mkati mwa linga, choncho anthu ankamanga mokweza, nyumba zina mpaka kupitirira nsanjika khumi, ndipo nsanjika iliyonse ankaitcha "flet" kapena "flat". Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 liwuli linabwereranso mu Chingerezi cha onse, tsopano likutanthauza zipinda za banja limodzi pa nsanjika imodzi. Ndiye tanthauzo lake loyambirira ndi pansi popondapo. Kukwera masitepe kunabwera pambuyo.

Koma nkhawa yanu yeniyeni ndi ndalama, ndiye ndimveni. Musanalipire yokaonera, funsani pafoni kuti mumpandamo muli mabanja angati, kuti mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena mugawana mayunitsi, kuti madzi ndi a paipi kapena a chitsime cha pampu, ndiponso kuti dzenje la zonyansa likadzadza amalipira ndani. Dipoziti muzipereka kwa mwininyumba weniweni pamaso pa mboni, ndi pepala losainirana. Chinanso: mukufuna nyumba m'chilimwe, pamene paliponse pamaoneka pouma. Werami muyang'ane m'munsi mwa mpanda ndi mwa khoma la kuseri. Mukaona mzere wakuda kapena wobiriwira wofika m'mawondo, penti yofufuma ndi pulasitala wogumuka, dziwani kuti mu Janyuwale madzi amafika pamenepo. Funsaninso mayi wogulitsa tomato pakona, amene sapindula kanthu pokubisirani.

FUNSO: Aphunzitsi, kusukulu anatiuza kuti "flat" si liwu lenileni la Chingerezi, kuti Angerezi anachita kubwereka. Anabwereka kwa ndani? Ine ndimaganiza kuti obwereka mawu ndife.
Mtsikana wa sekondale, Matero

YANKHO: Mwanawe, aphunzitsi ako ananena zoona, ndipo funso lako landisangalatsa kuposa onse. Fulati wotanthauza chinthu chathyathyathya, chopanda chitunda kapena dzenje, Angerezi anamulandira kuchokera kwa anthu a kumpoto, a kumene lero kuli Norway, Denmark ndi Sweden. Amenewa ndi a Viking. M'chaka cha 793 anafika ndi mabwato awo n'kufunkha nyumba ya amonke pachilumba cha Lindisfarne, kumpoto chakum'mawa kwa England. Poyamba ankabwera kudzalanda n'kubwerera, koma kenako anayamba kukhazikika. Mu 866 analanda mzinda wa York, ndipo chigawo chachikulu cha kumpoto ndi kum'mawa kwa England chinakhala m'manja mwawo. Analima, anakwatira ana a eni dziko, anagulitsana nawo nkhosa ndi nsomba. Pakamwa pawo panali liwu loti "flatr". Linayenda pakamwa kwa zaka zambiri lisanalembedwe, ndipo m'mabuku a Chingerezi limayamba kuoneka cha m'ma 1300. Mpaka lero ku Norway amati "flat", ku Denmark "flad", ku Iceland "flatur".

Silinabwere lokha. "Egg", "knife", "leg", "skin", "sky", "take", "husband", onsewa ndi a a Viking. "Window" ndi mawu awo awiri ophatikizana, mphepo ndi diso, chifukwa zenera lawo linali kabowo ka padenga kotulukira utsi. Ife tinalitenganso n'kuliumba kukhala windo. Ngakhale "they" ndi "them", timawu timene Mngerezi sangathe chiganizo popanda ito, n'tobwereka. Anthu amabwereka dzina la chinthu chachilendo mosavuta, koma kuti abwereke liwu loti "iwo", ndiye kuti ana ankakula akumva zilankhulo ziwiri m'nyumba imodzi, bambo china, mayi china. Iwe wa ku Matero zimenezi si zachilendo kwa iwe.

Tsono tipite kumbuyo kwambiri. "Flatr" wa a Viking ndi "flet" wa Angerezi akale, amene ndam'tchula pamwambapa, ndi pachibale, chifukwa pansi pa nyumba ndi pamalo posalazidwa. N'chifukwa chake atakumananso anafanana mpaka kulembedwa chimodzimodzi. Akatswiri ambiri amati onsewa anaphuka pa muzu wakale kwambiri wotanthauza kutambasuka, umene unabalanso liwu la Chigiriki loti "platys", chinthu chotakata. Mwina ufunsa kuti p ndi f zikugwirizana bwanji. Katswiri wa ku Germany, Jacob Grimm, analongosola mu 1822 kuti pamene Chilatini ndi Chigiriki zili ndi p, zilankhulo za banja la Chingerezi zimaikapo f. Bambo mu Chilatini ndi "pater", mu Chingerezi "father". Nsomba ndi "piscis", kwinaku "fish". Iweyo umadziwa kale zoterezi: ife timati munthu, Mbemba amati umuntu, Mtonga muntu, Mswahili mtu. Palibe anabera mnzake, kholo lawo ndi limodzi.

Kudzera ku Chigiriki, Chilatini ndi Chifalansa, muzu womwewo unalowanso mu Chingerezi pakhomo lina, uli ndi p wake. "Plate" yodyerapo, "platform" imene ife timati pulatifomu, "plateau" imene umaphunzira mu jogalafe, ndi "place", limene poyamba linali msewu wotakata wa mumzinda. Chidatchi chinatenga "place" n'kupanga "plaats", Mabunu a ku South Africa n'kufupikitsa kukhala "plaas", munda waukulu. Amalume anga, amene paunyamata wawo anachoka ku Katete kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Southern Rhodesia, mpaka imfa yawo munda wa mzungu ankautcha pulazi. Ndiye pulazi la amalume ndi fulati ya ku Kabwata n'zachibale, ngakhale zinafika kuno podzera njira zosiyana kotheratu.

Pa mayeso usamale ndi kalembedwe. T amawirikiza mu "flatter", "flattest" ndi "flatten". Ndipo "flatter" ali pawiri: wina ndi wothyathyathya koposa, wina ndi mneni wotanthauza kusyasyalika munthu, kumuyamikira mwachiphamaso. Wachiwiriyu anadzera ku Chifalansa chakale, kumene ankatanthauza kusisita ndi chikhatho.

FUNSO: Amayi aphunzitsi, ndimaimba alto m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Oimbitsa kwaya amakonda kutiimitsa n'kunena kuti "ma alto muli flat". Ine ndimakweza mawu mpaka kukhosi kuwawa, koma amanenabe zomwezo. Akufuna chiyani?
Woimba wa ku Libala

YANKHO: Amayi, musamapweteke kukhosi kwanu, chifukwa vuto si kuchepa kwa mawu. M'chinenero chathu "kukweza mawu" kumatanthauza zinthu ziwiri, kufuula ndi kupita pamwamba, ndipo apa ndi pamene pasokonekera. Oimbitsa akati muli "flat", akunena kuti noti imene mukuimba yatsikirako pang'ono pa malo ake. Yayandikira koma sinafike. Ikapitirira pamwamba amati "sharp". Mutha kufuula mpaka malata kunjenjemera muli pansi pa noti, ndipo nthawi zambiri kufuulako ndi kumene kumakutsitsani.

Pemphani woimba kiyibodi akuonetseni Loweruka musanayambe kuphunzira nyimbo. Akanikize kiyi yoyera ya B, kenako yakuda yoyandikana nayo kumanzere. Yakudayo ndiyo "B flat", yotsika ndi theka la sitepe. Imeneyo ndi noti yabwinobwino, yolembedwa dala, ndipo m'buku la nyimbo chizindikiro chake chimaoneka ngati b wamng'ono wosongoka kumunsi. Ngati kwaya yanu imawerenga doh, re, mi, monga makwaya ambiri a kuno amene anatengera njira ya m'busa wa ku England John Curwen kwa amishoni, mwaionapo: te akatsitsidwa amalembedwa ta, ndipo fa akakwezedwa amalembedwa fe. Chimene oimbitsa anu akudandaula n'china, ndi kugwera pakatikati, pamene palibe kiyi yoyera kapena yakuda yomwe.

Chizindikiro cha "flat" chija ndi b weniweni. Oimba a m'matchalitchi a ku Ulaya zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, m'nthawi ya mmonke wa ku Italy Guido wa ku Arezzo, anali ndi ma b awiri, wozungulira wa noti yotsika ndi wamakona wa noti yokwera. Wozungulirayo ankamutcha b wofewa, ndipo Afalansa mpaka lero amati "bémol". Ku Germany noti imene Angerezi amati "B flat" amangoitcha B, ndipo B wa Angerezi amamutcha H.

Ine ndimaimba m'kwaya ya amayi, ndipo ndaona pamene timagwera kawirikawiri: pa noti yaitali ya kumapeto kwa mzere, mpweya ukamatha, pa ndime yachinayi, titatopa, ndi pamene nyimbo ikutsika masitepe, chifukwa aliyense amaponda motalikitsa pang'ono mpaka tonse tathera m'munsi. Imani chilili, chibwano chisaloze kudenga, pumirani m'mimba osati m'mapewa, ndipo pumani noti yaitali isanafike. Chepetsani mawu kufikira mutamamva mnzanu wa pambali ndi kiyibodi. Mukhozanso kujambula pafoni pamene mukuphunzira n'kukamvetsera kunyumba. Khutu limagwira msanga cholakwa pamene pakamwa pali potseka.

FUNSO: Aphunzitsi, ndimayendetsa minibasi ya Kulima Tower kupita ku Chelstone. Timati tayala lili fulati, batire ili fulati, ngakhale chakumwa chikagona chotsegula timati chili fulati. Tayala ndikumva, limaphwatalala pansi. Nanga batire, imene imakhalabe yamakona anayi?
Dalaivala wa Great East Road

YANKHO: Bambo, mwafunsa bwino. Liwuli linayamba ndi maonekedwe, kenako linasamukira ku mphamvu. Chinthu chimene chimayenera kutumphuka, kuwira kapena kukankha, chikangoti zii, Mngerezi amati chili "flat". Pa zakumwa anayamba kutero kalekale, zaka mazana anayi zapitazo, ponena za mowa wopanda thovu. Mu botolo la chakumwa muli mpweya wa carbon dioxide wopanikizidwa, ndipo mukatsegula umathawa, mofulumira kwambiri ngati botololo latentha. Pa batire ndi Angerezi a ku Britain amene amati "flat". A ku America amati "dead".

Koma inu a pamsewu musiyanitse ziwirizi, chifukwa batire yotha moto ndi batire yakufa si chimodzi. Ya galimoto yodzadza bwino, injini itazima, imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Ikatsikira ku 12.0 yatsala pang'ono kutheratu, koma ikatchajidwa msanga imadzuka. Mukaisiya choncho milungu ingapo, pa mapuleti a mkati pamaundana mchere wa sulphate umene suchokanso, ndipo pamenepo ndiye yafa. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima nthawi yaitali, mabanja ambiri anataya mabatire a ma inverter mwa njira yomweyi, powakama mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku osapeza mpata wowadzadzanso.

Za tayala mukudziwa kuposa ine, kuti kuliyendetsa lili lophwa kumadula m'mbali mwake n'kupinda limu. Ndingowonjeza kuti "deflate" ndi "inflate", ngakhale muli zilembo za "flat" mkati, si abale ake. Amenewo ndi a Chilatini, ochokera ku liwu lotanthauza kuuzira.

FUNSO: Ndine mkulu wochokera kwa Kawaza ku Katete, ndikukhala ndi ana ku Chilenje. Adzukulu anga chilichonse ndi fulati. Foni fulati, mpira fulati, nsapato fulati. Chinyanja chikutha tikuona. Kodi ndiwaletse?
Agogo a ku Chilenje

YANKHO: Agogo, nkhawa yanu ndi yanganso, ndipo sindiitenga mopepuka. Koma kuletsa sindikukulangizani. Mwaona pamwambapa kuti eni ake a liwuli nawonso anachita kulandira kwa alendo, ndipo Chingerezi sichinafe nazo. Fulati ya nyumba tiisiye, yakhazikika ngati sukulu ndi buku, ndipo tilibe lina lonena chinthu chomwecho mwachidule.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti pa zinazo, liwu limodzi lachilendo likukankha mawu athu ambiri, lililonse lonena chake mwatchutchutchu. Tayala ndi mpira zimaphwa. Batire imatha moto. Chakumwa ndi mchere zimasukuluka. Thanthwe loyanikapo ufa ndi lathyathyathya. Dengu lokhaliridwa limaphwatalala. Bwalo timalisalaza, ndipo dziko lopanda mapiri ndi chidikha. Mwana wodziwa fulati yekha sangathe kusiyanitsa chophwa ndi chosukuluka, ndipo ameneyo ndiye wataya kanthu.

Ana saphunzira liwu chifukwa chokalipiridwa, amaphunzira chifukwa cholimva pamalo pake. Mdzukulu akati mpira uli fulati, muuzeni kuti, "Waphwa eti? Bwera nayo pampu tiupope." Mukatero mwamuyankha, mwamuthandiza, ndipo liwulo lalowa. Inu muli ndi mawu amene ine wa m'tauni ndinayamba kuiwala. Atchuleni pakhomopo tsiku lililonse, ndipo ena munditumizire ndiwasindikize muno.

FUNSO: Pa mapu a m'kalasi mwathu palembedwa "Kafue Flats". Mnzanga akuti ndi nyumba za antchito a ku Kafue. Ndi zoona?
Mnyamata wa Giredi 7, Kanyama

YANKHO: Ayi mwanawe, kumeneko kulibe nyumba zosanja. Mngerezi akaona dziko lotsika, lathyathyathya, limene madzi amasefukiramo, amalitcha "flats". Ife tingati chidambo chachikulu. Kafue Flats ndi dera la masikweya kilomita pafupifupi 6,500, kuyambira ku damu la Itezhi-Tezhi mpaka kufupi ndi Kafue Gorge. Mtsinje wa Kafue ukalowa m'menemo umasowa potsetsereka, ndiye umayenda mwaulesi, mokhotakhota, ndipo mvula ikagwa umatambalala makilomita ambirimbiri. Madzi akaphwera kumamera msipu, ndipo Aila a ku Namwala ndi Atonga amapititsako ng'ombe zawo m'chilimwe. Kuli nyama yotchedwa Kafue lechwe, yonga mbawala koma yokonda kuyenda m'madzi, imene kwawo kwenikweni ndi komweko basi. Kuli malo awiri osungirako nyama, Lochinvar kum'mwera ndi Blue Lagoon kumpoto. Nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka zimamwa madzi a mtsinje womwewo. Chimangireni madamu m'zaka za m'ma 1970, kusefukira kwa madzi kumadalira kwambiri kutsegula ndi kutseka kwa zipata za damu, ndipo zimenezi zinasintha msipu ndi usodzi.

Ku Western Province kulinso Luena Flats. Ku Cape Town kuli Cape Flats, dera lamchenga kumene boma la tsankho linkatayako anthu osakhala azungu powachotsa m'malo ngati District Six.

Iwe wa ku Kanyama ukudziwa kale chimene dziko lathyathyathya limachita ndi madzi. Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935, ali pamwamba ndithu, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, koma pamwambapo m'posalala. Kumadzulo ndi kum'mwera kwa mzinda pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimbikira madzi amasowa kolowera, amadzadza m'misewu ndi m'zimbudzi zokumba, n'kusakanikirana ndi a m'zitsime zosaya. Ndiyo njira imene kolera anadzera mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Nyengo ya mvula ikafika, uwakumbutse amayi kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, ngakhale akuoneka oyera.

FUNSO: Wolengeza masewera pa wailesi anati Muzala Samukonga amathamanga "400 metres flat". Kodi pali mabwalo ena okwera?
Wokonda masewera, Garden

YANKHO: Bwalo ndi lomwelo, achimwene. "Flat" apa ndi mpikisano wopanda zolumpha. Samuel Matete, amene anapambana golide wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 ndi siliva wa Olympics ku Atlanta mu 1996, ankathamanga mamita 400 olumpha timipanda. Samukonga, wa golide wa Commonwealth ku Birmingham mu 2022 ndi buronzi wa ku Paris mu 2024, amathamanga mamita 400 omwewo popanda cholumpha. Koma mukamva kuti wina wathamanga "ten seconds flat", tanthauzo lasintha: ndi masekondi khumi enieni, osapitirira ngakhale pang'ono. Nthawi ya Samukonga ku Paris inali 43.74, choncho imeneyo sitingaitche "flat".

Pali enanso amene mudzawamve. "Flat out" ndi kuthamanga kapena kugwira ntchito ndi mphamvu zonse. "Flat rate" ndi mtengo umodzi kwa onse, wotsika pafupi ndi wotsika kutali kulipira chimodzimodzi. "Flat broke" ndi kukhala wopanda ndi ngwee yomwe. Ndipo munthu amene "flatly refused" wakana kwamtuwagalu.

FUNSO: Amayi, mwana wanga wa zaka ziwiri akaponda pa simenti ndi mapazi onyowa, chidindo chake chimakhala chodzadza, chopanda kamphako kapakati kaja. Apongozi akuti ali ndi "flat feet" ndipo ndimugulire nsapato zapadera. Ndili ndi mantha.
Mayi wa ku Mtendere

YANKHO: Mtima pansi, amayi. Ine si dokotala, koma ichi n'chodziwika bwino: pafupifupi mwana aliyense wa msinkhu umenewo amaponda choncho. Pansi pa phazi lake pali mafuta ofewa amene amabisa kamphakako, ndipo minyewa yake ikadali yofewa. Kamphakako kamaonekera pang'onopang'ono, kawirikawiri pofika zaka zisanu ndi chimodzi. Ena amakula nawo mapazi ophwatalala moyo wonse, akuyenda, kulima ndi kumenya mpira popanda vuto.

Yesani izi kunyumba. Ikani kanthu kamene amakakonda pamwamba pa tebulo kuti anyanyamphire, inu mugwade kumbuyo kwake muyang'ane mapazi. Ngati kamphakako kakuoneka pamene waimira zala, phazilo ndi lofewa bwino. Nsapato zapadera sizipanga kamphako, ndiye ndalamayo mugulire nsapato wamba zomukwana, ndipo pamalo popanda magalasi ndi minga musiyeni ayende chosavala. Apongozi muwauze mwaulemu kuti mukafunsa kusikelo, ndipo mukafunsedi. Koma ngati akudandaula kupweteka, akutsimphina, phazi lili louma losapindika, kapena lophwatalala ndi limodzi lokha, musadikire tsiku la sikelo, pitani naye kukiliniki sabata yomweyo.